A Julio Kapalamula ndi Tizipolopolo Tawo

Kuno ku Luembe kunali munthu mmodzi amene ankakhulupilila ndi mtima wonse kuti pakamwa si njila yabwino yolowela mankhwala. Pakamwa, malinga ndi iwo, Mulungu anapalenga kuti tizidyela, kuimbila ndi kunamila. Mankhwala anzelu amalowela kumbuyo. Munthuyo anali a Julio Kapalamula, amene anakhala pa windo logawila mankhwala pa kachipatala kathu zaka pafupifupi makumi atatu. Dzina la Kapalamula linkamveka kutchalitchi ndi pa masankho basi. Kwina konse, kuyambila kumsika wa ku Nyimba mpaka kwa asodzi a m'mbali mwa Luangwa, anali a Musameze.

Mapilisi wamba ankagawa ndithu, koma nkhope ili gwa, ngati munthu amene watumidwa kukapelekeza mkwatibwi wa mnzake. Koma pepala la namwino likanena kuti wodwala alandile kachipolopolo, a Julio ankaimilila n'kumanga mabatani onse a khoti lawo loyela. Iwo ankati supozitoliyo, mwa Chipwitikizi, lilime likuvina m'kamwa. Ife tinkangoti kachipolopolo, chifukwa ndi mmene kamaonekela: kosongoka kutsogolo, kukula ngati nsonga ya chala, kokutidwa ndi kapepala konyezimila. Kamalowetsedwa kumatako, kotulukila chimbudzi, ndipo kumeneko kamasungunuka ndi kutentha kwa thupi, mankhwala n'kuyamba ntchito. Inu ndi ine tikanena zimenezi timatsitsa mawu. A Julio ankakweza.

Anali ochokela ku Mozambique, cha ku Tete. Anathawa nkhondo mu 1987 pamodzi ndi akazi awo a Luisa, n'kukhala pa msasa wa othawa kwawo kufupi ndi Sasare, m'boma la Petauke. Kumeneko anapatsidwa tsache kuti azisesa m'chipinda cha mankhwala. Sisitele wina wokalamba amene ankayang'anila chipindacho anaona kuti wosesayu akusesa malo amodzimodzi kuti aone zimene zikusungunulidwa pa mbaula, ndiye anawalanda tsache n'kuwapatsa supuni. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela. A Julio ndi a Luisa anatsala, napeza munda kuno kwathu, ndipo kachipatala katatsegulidwa windo linawapeza okha.

Poyamba akuti anali munthu wamanyazi. Amene anawachotsa manyazi anali a Josphat Chilembo, msodzi wamkulu thupi amene anabwela akudandaula kuti wakhala masiku asanu osapita kuthengo. Namwino analemba tizipolopolo tisanu ndi kamodzi. A Julio anawapatsa mwaulemu, maso ali pansi, n'kunong'ona kuti awa ndi a kumbuyo, kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. A Josphat anavomela ndi mutu n'kupita.

Patapita masiku atatu anabwelanso, mimba ili patsogolo, iwo ali pambuyo. Anati mankhwala aja ndi achabechabe. Amakoma ngati kandulo, amakakamila kum'melo, ndipo kapepala kake kamamatilila m'mano.

“Munamwa?” anafunsa a Julio.

“Tonse tisanu ndi kamodzi.”

“Koma ndinakuuzani kuti ndi a kumbuyo.”

“Ndiye kumene ndinkamwela. Kumbuyo kwa nyumba. Akazi anga anafunsa chifukwa chake, ndinati ndi malamulo a kuchipatala.”

A Julio akuti anakhala pansi. Atanyamuka ananena kuti ulemu watsala pang'ono kupha munthu pa windo lawo, ndipo kuyambila tsiku limenelo ulemu uzitsala pakhomo pamodzi ndi njinga. Anasunga mawu awo. Aliyense wolandila kachipolopolo, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi apongozi awo, ankauzidwa kaye kuti “Musameze,” kenako ankauzidwa kumene kakupita, ndi dzina lake lenileni la malowo, ndipo sankachoka pa windo asanabwelezele zonse ndi pakamwa pake.

Ine ndinawadziwa mu 2006. Dzina langa ndine Sampa, mphunzitsi, kwathu ndi ku Kasama. Boma litandituma kuno Chinyanja changa chinali cha moni ndi kugula tomato. Nditapalasa njinga miyezi itatu pa misewu yathu ya miyala iyi, kukhala pa mpando kunayamba kundivuta. Ndinapilila mpaka ana a sukulu anayamba kufunsana chifukwa chake aphunzitsi atsopano amachonga mabuku ataimilila. Ndiye ndinapita kuchipatala. Namwino wathu, a Inonge, mayi wa ku Mongu wosakonda zokamba zambili, anandiona n'kulemba pepala. Pa windo ndinapeza mzele wa anthu pafupifupi makumi awili, ambili a iwo makolo a ana anga a m'kalasi.

A Julio anawelenga pepala, naimilila, namanga mabatani.

“Aphunzitsi, muli ndi mudzi.”

Ine ndinaona ngati akundilandila monga mlendo. Ndinayankha kuti inde bambo, ndili nawo, ku Kasama.

“Ndi waukulu bwanji?”

“Nyumba zingakwane makumi asanu, kuphatikizapo sukulu.”

Mzele wonse unagwa ndi kuseka. Mayi wina anachita kukhala pansi n'kumasula mwana kumsana kuti aseke bwino. A Julio okha sanaseke. Anandifotokozela modekha, koma ndi mawu ofika mpaka pa mjigo, kuti mudzi umene akunena si wa nyumba, ndi zotupa zija za kumatako zimene zandiletsa kukhala pa mpando. Kenako anandiuza kuti ndisameze, ndipo ndinabweleza phunzilo lonse pamaso pa makolo, ngati mwana wa giledi wanu.

Tsiku limenelo ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutse. Sindinaitumize, chifukwa sabata isanathe ndinakhala pa mpando ngati munthu. Chinanso, abambo atatu osiyanasiyana anandipeza panjila n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndisadandaule, nawonso ali ndi midzi. Mmodzi wa iwo pambuyo pake anakhala apongozi anga.

Tinakhala mabwenzi, ndipo ubwenzi ndi a Julio unali sukulu yopanda tchuthi. Ankati pilisi lolowa pakamwa lili ngati munthu wokwela minibasi pa Nyimba kupita ku Lusaka. Choyamba afike m'mimba, mmene muli madzi owawa ofuna kumusungunula asanagwile ntchito. Wodwala akasanza, ndiye kuti basi yabwelela pa mlatho wa Luangwa. Akapulumuka pamenepo akumana ndi chiwindi, chimene chili ngati apolisi a pamsewu, chimatsitsa katundu yense n'kusecha, ndipo wina amatsala pomwepo. Koma kachipolopolo kamadzela njila ya chidule. Mitsempha ya kumunsi kuja imatenga gawo lalikulu la mankhwala n'kulowa nalo m'magazi osadzela kwa apolisi. Ankachenjeza kuti usakankhile patali kwambili, chifukwa ukapitilila ubwelela ku msewu waukulu uja. Zimenezi ankazikamba paliponse: pa msonkhano wa feteleza, podikila chigayo, ngakhale pa ukwati wanga ndi Esnart, pamene anapemphedwa kuti angopeleka malangizo a banja.

Mdani wawo wamkulu anali mwezi wa Okutobala. Kuno kuchigwa dzuwa la Okutobala limasungunula ngakhale maganizo, nanji kanthu kopangidwa ndi mafuta kuti kasungunuke m'thupi la munthu. Anapempha a Inonge malo mu filiji ya katemela. A Inonge anakana, ndipo ankanena zoona, filiji ija inali ya katemela wa ana. Ndiye a Julio anabweletsa mitsuko iwili, waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba saka lonyowa. Ankathilila mchenga umenewo katatu pa tsiku. A Luisa ankati chikhala kuti dimba lawo linkathililidwa choncho, bwenzi akugulitsa kabichi mpaka ku Chipata.

Dzuwa lomwelo ndi limene linawapatsa maganizo opanga tizipolopolo ta kuno kwathu. Sisitele uja anawasiyila chikombole chachitsulo cha mabowo asanu ndi limodzi, chotseguka pakati. Ankati nzelu yonse ya supozitoliyo ili pa mafuta onyamula mankhwala: akhale olimba pa shelufu, koma ofewa akafika m'thupi. Azungu anasankha mafuta a koko chifukwa kwawo kumazizila. Ife tili ndi mafuta a ng'ombe ndi phula la njuchi, tikudikila chiyani? Anayamba kusungunula, kusakaniza ndi kuthila m'chikombole. Kunena zoona, sanaikemo mankhwala alionse, ndipo sanayesele pa munthu wina koma pa iwo eni.

Muyeso woyamba unali wa m'khwapa. Ankati chimene chasungunuka m'khwapa chidzasungunukanso kwina. Popeza wotchi analibe, ankayesela pa Misa. Ankapana kachipolopolo m'khwapa pa nyimbo yolowela, n'kuona kuti kafika pati. Kakasungunuka uthenga usanawelengedwe, ndiye kuti kafewa kwambili. Kakafika pa dalitso lomaliza kali gwa, phula lachuluka. Masabata anayi anapemphela dzanja limodzi litamatilila kunthiti, osaomba m'manja, kupatsa anthu moni wa mtendele ndi dzanja lamanzele. Bambo mfumu anafika pofunsa a Luisa ngati amuna awo anagwa pa njinga.

Atakhutila ndi m'khwapa, anayesela ku njila yeniyeni. Apa ndi pamene zinavuta. Kachipolopolo kaja kanalowa bwinobwino, koma kanakana kusungunuka, ndiponso kanakana kubwelela. Masiku awili a Julio anayenda ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Njinga ankaikankha. Tsiku lachitatu anagogoda pa chitseko cha a Inonge.

A Inonge anawathandiza, koma anali atadikila tsiku limeneli zaka zambili. Analowa okha kuseli kwa windo, n'kuuza a Julio kuti azungulile kunja akaime pa mzele. Atafika kutsogolo anawapatsa ka gilisalini kofewetsa m'mimba.

“Bambo Kapalamula, mukameza?”

“Iyayi, asisita.”

“Sindinamve. Kakupita kuti?”

Anayankha mokweza, zonse, osasiyako. Atachila ananena kuti vuto silinali nzelu zawo, koma njuchi za ku Luembe ndi zouma mtima. Chikombole chija a Luisa anachitsekela m'sutukesi, kiyi n'kumanga pa chitenge.

Kufotokoza ndi pakamwa kukawachepela, ankaonetsa. Tsiku lina kunabwela mayi wina wa ku ofesi, woyendela zipatala, atavala suti ndi nsapato za gogoda. Anapeza windo lili pululu, anthu atazungulila benchi, ndipo pa benchipo pagona bambo chammbali, bondo lakumanja litafika pachifuwa. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani wodwala uyu wavala khoti la ogwila ntchito. Atauzidwa kuti ndiye wogawa mankhwala, anakwiya. Anati izi zikuchotsa ulemu wa chipatala, pakhoma pali zithunzi zophunzitsila, ndipo nkhani ngati izi zimakambidwa m'chipinda.

A Julio sanadzuke msanga. Ali chigonele anapempha kuti amai asankhe munthu aliyense pa mzelepo amufunse. Mayi uja analoza gogo wina wopanda mano amene anali kuwodzela pakona. Gogoyo anayamba ngati katekisimu. Samba m'manja. Chotsa kapepala. Kakafewa ndi dzuwa, kaviike m'madzi ozizila kasanatsegulidwe. Nyowetsa kunsonga. Gona kumanzele, pinda bondo. Kankha ndi chala mpaka kapitilile pakhomo. Gona pomwepo kanthawi, ndipo usathamangile kuchimbudzi ola lisanathe. Atamaliza anafunsa ngati angapitilize za ana.

Mayi wa ku ofesi analemba kenakake m'buku lake. Motoka itatsala pang'ono kunyamuka, anatsika, nabwelela pa windo, nanong'ona kuti ali ndi mlamu wake amene akuvutika pokhala pansi. A Julio anamanga mabatani.

“Mlamu wanuyo, amai, amayenda kwambili pa motoka m'misewu yoipa?”

Zoseka zinalipo zambili, koma pali tsiku limodzi limene sindiseka ndikalikumbukila. Munali mu Febuluwale 2019, mvula ili pakati. Mwana wathu womaliza, Faith, anali ndi zaka zinayi. Thupi linatentha dzulo lake, ndipo chilichonse chimene amake anamupatsa, phala, madzi, mapilisi, chinabwelela. Cha m'ma teni koloko m'mawa, ndili m'kalasi, ndinaona Esnart ataima pakhomo, mwana ali kumsana mutu uli lende. Ndinasiya choko n'kuthamanga naye.

A Inonge anali ataitanidwa ku maphunzilo ku Nyimba, panalibe wobaya jekeseni. A Julio anabaya Faith pachala n'kuyeza magazi, ndipo mizele iwili inatuluka nthawi yomweyo. Malungo. Ali m'manja mwa amake mwana anauma thupi, maso n'kutembenuka. Kumwa kanthu sakanatha.

Sindinaonepo a Julio atachepetsa mawu ngati tsiku limenelo. Chaka chapitacho kunali kutabwela tizipolopolo tatsopano ta ana ogwidwa ndi malungo aakulu, ndipo iwo anali atapita kukaphunzila kagwilitsidwe kake. Anatenga tiwili, malinga ndi msinkhu wa mwana. Anavala magulovu, nagoneka Faith chammbali pamiyendo ya amake, nalowetsa, kenako anagwila timatako take pamodzi kuti mankhwala asabwelele. Anandiuza kuti ndiwelenge mphindi khumi pa wotchi yanga. Zitakwana anavula magulovu n'kundiyang'ana.

“Aphunzitsi, mumve bwino. Aka sikachilitsa. Kangogwila malungo mwendo kuti tifike ku Nyimba.”

Tinaimba foni. Ambulansi inati ibwela, koma ikaima pa mtsinje umene unali utadula msewu, ife tikaipeze kumeneko. Tinabweleka ngolo ya ng'ombe. A Julio anakhoma windo masanasana, chinthu chimene sanachitepo, n'kukwela nafe. Matope anali ofika m'maondo a ng'ombe. Tinayenda maola asanu, Esnart akupemphela chamumtima, a Julio akupukuta mwana ndi nsalu yonyowa.

Titafika pa mtsinje, ambulansi inali kutsidya, dalaivala akutikodola. Madzi anali ofiila, othamanga, ofika m'chiuno. Amuna awili anali kuwoloka atasenza njinga pamutu, akupendekeka. Ndipo nthawi yomweyo Faith anatsegula maso. Anapempha madzi, namwa, osasanza. Kenako anafunsa amake ngati kuli chitumbuwa.

Ine sinditha kusambila. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana mwana, ndipo ndinanena kuti tibwelele. Mwana wachila, mankhwala agwila, tidzapita mawa madzi akaphwa. Ndinkaona kuti ndikulankhula zanzelu. A Julio anandiuza kuti chaka chathachi mwana wina anatsegula maso pa ulendo ngati womwewu, makolo anabwelela akusangalala, ndipo patapita masiku awili iwo anathandiza nawo kunyamula kabokosi. Mantha anandipsetsa mtima. Ndinawauza kuti iwo si dokotala, ndi wogawa mankhwala chabe, ndipo atate a mwanayu ndine.

“Inde, ndinu atate ake,” anatelo. “Ndiye vulani nsapato.”

Anakulunga khoti lawo n'kulimanga kumutu. Anatenga Faith m'manja mwa amake, namukhazika pamapewa, nalowa m'madzi, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Esnart anawatsatila osandiyang'ana. Ndinavula nsapato. Pakati pa mtsinje ndinatelela kawili, ndipo amene anandigwila kolala anali mkazi wanga.

Tinafika kuchipatala cha ku Nyimba dzuwa likulowa. Faith anabayidwa majekeseni, anaikidwa madzi ndi magazi, ndipo anagona masiku anayi. Dokotala anatiuza kuti kachipolopolo kaja ndi kamene kanamufikitsa wamoyo, ndipo tikanabwelela sakanafika pa Sondo. Lelo ali giledi faifi, ndipo amakangana ndi aliyense. Ndinapita kwa a Julio kukapepesa mawu anga aja. Anati sanawamve, madzi anali kusokosela. Koma nkhani ya mtsinje anaikonda. Poikamba mwezi woyamba, madzi anali m'chiuno. Pofika nthawi yokolola anali m'khosi. Chaka chotsatila munali ng'ona ziwili, ndipo ine ndinali kulila m'Chibemba.

Anawapumitsa ntchito kawili. Ulendo woyamba tinachita phwando, tinawapatsa bulangete ndi wailesi, ndipo m'mawa mwake tinawapeza pa windo akuthilila mchenga. Ulendo wachiwili sitinavutike ndi phwando. Chimene chinawachotsa ndi sitiloko, imene inawagwila m'munda akukolola chimanga mu 2023. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita, ndipo ngakhale phala linkatsika movutika. Mankhwala ochepetsa ululu ndi kutentha thupi anayenela kudzela njila yawo ija. A Inonge anapita kuti akaphunzitse a Luisa kachitidwe kake. A Luisa anawayang'ana n'kufunsa ngati akuganiza kuti zaka zonsezi anakwatiwa ndi munthu wosalankhula.

Ndinkapita kukawaona Loweluka lililonse. Tsiku lina ndinapeza a Luisa akutsegula kapepala, uku akundifunsa za kusukulu. A Julio anayamba kugogoda bedi ndi dzanja lamanzele, diso lili pa manja a akazi awo. Ndinaganiza kuti ululu wakula. A Luisa anati iyayi, akudandaula kuti ndakafumbata nthawi yaitali, kasungunukila m'manja. Anawauza kuti agone phee, lelo wogawa mankhwala ndi wina. Mbali ya pakamwa imene inali yamoyo inakwela m'mwamba. Anamwalila mu Juni, m'mawa wozizila, mwezi umene ankati ndi wokhawo umene tizipolopolo timapuma.

Pa malilo panabwela anthu ochokela ku Nyimba, ku Petauke, ngakhale anzawo akale a ku Sasare. Vuto linali pa zolankhula. Aliyense ankafuna kunena kuti malemu anamuthandiza, koma panalibe wofuna kunena kuti anamuthandiza pati. Mkulu wa mpingo anati anamuthandiza pa vuto lina lake. Woimila asodzi anati anamuthandiza pa nthawi yovuta. Ine ndinati anandiphunzitsa Chinyanja. Anthu anali kulila uku mapewa akugwedezeka, ndipo sunkadziwa kuti uyu akulila kapena akudziletsa kuseka.

Pa windo tsopano pali mtsikana wophunzila bwino, wa satifiketi yake, waulemu. Amaitana munthu pafupi, amalankhula motsitsa, amalemba malangizo pa envulopu. Palibe cholakwa chimene ndingamunenele. Koma mzele wa pa kachipatala kathu unasanduka wa anthu osadziwana. Aliyense amakhala ndi matenda ake m'thumba, maso pa foni, ndipo akalandila mankhwala amachoka msangamsanga ngati waba. Kale munthu unkabwela ndi manyazi ako wekha, n'kubwelela utagawana ndi anthu makumi awili, ndipo panjila yopita kunyumba unkapepukidwa.

Mwezi watha ndinadutsa kwa a Luisa kukasiya mbewu ya nshawa. Ndinawapeza pakhonde, mbale ya mbatata ili pamiyendo, itazizila. Ndinafunsa za umoyo, anati ali bwino. Ndinafunsa ngati m'nyumba simukuchita zii. Anathamangitsa ntchentche pa mbale.

“Aphunzitsi, zaka makumi atatu ndinali kumuletsa munthu uja kukamba za matako pa chakudya. Alendo alipo, iye ali pa matako. Pa Khisimasi, matako. Ndinkapemphela kuti tsiku limodzi lokha ndidye ngati mkazi wa munthu wamba.” Anaika mbale pansi n'kuikankhila kwa ine. “Lelo ndikudya mwaulemu. Koma sichikutsika.”